Mwana wa Makilo 18

Anafika mdima utagwa kale. Atsikana awiri, zikwama kumsana, fumbi m'maso. Yunivesite inawatumiza kudzaphunzira unamwino pa kachipatala aka. Wina anzake ankamutcha Mafunso, poti pakamwa pake sipankatha "bwanji". Winayo anali Nambalawani. Mayeso sankamugwetsa.

Sanakhale n'komwe pansi. Sisitala wamkulu anawakodola.

"Inu a yunivesite, bwerani tione zimene mumaphunzirazo. Mwana uyu watentha thupi. Jakisoni wake amayendera kulemera kwake. Werengerani."

Nambalawani anatsegula kabuku kachipatala kamene mayi wa mwanayo anabweretsa. Makilo 18. Cholembera chinathamanga. Sirinji inadzaza.

Mafunso ananyamula mwanayo kuti amugwirire. Anadzidzimuka. Kamwanako kanali kopepuka ngati mtolo wa matewera. M'kamwa mano anayi okha.

"Asisitala, bwanji tiyambe tamukweza pasikelo?"

"Wati chiyani? Fumbi la basi lisanachoke, wayamba kale kutiphunzitsa ntchito? Kabuku kanena kale."

"Iwe, usatichititse manyazi," ananong'ona Nambalawani. "Samu yanga ili bwinobwino."

Mtima wa Mafunso unawira. Anthu awiri ophunzira, maso onse papepala! Mwana ali pomwepo, akupuma befubefu, palibe womuyang'ana. Mafunso anamufungatira, n'kutembenuzira kantchafu kake kukhoma kuti asabayidwe.

"Mayi, mwanayu ali ndi zaka zingati?"

"Chaka sanakwanitse, anesi."

"Nanga kabukuka n'kayani?"

Mayiyo anazyolika. "Kake anadya makoswe. Ndangotenga ka mkulu wake. Ndimaopa kuti mundibweza pakhomo. Nanga si onse ndi anga?"

Sisitala anakoka sikelo ndi phazi. Makilo asanu ndi atatu. Nambalawani anayang'ana sirinji m'dzanja lake. Mankhwala a ana awiri, n'kutsalako. Anawataya.

"Inunso mayi, mukanapha mwana!" anakalipa sisitala.

Apa Mafunso zinamukwana.

"Mayiwa sanagwire sirinji, asisitala. Tinagwira ndife."

Sisitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanapepese. Akuluakulu ena kupepesa kumawatsamwa.

"Werengeraninso," anatero. "Iwe wapakamwawe, ubaye ndiwe."

Mafunso anabaya, mkwiyo usanathe.

Kutacha, kutentha kunali kutatsika. Mwana ankayamwa mwaphuma ngati wina amulanda. Mayi anamubereka, n'kutsazika. Dzuwa linali lisanatuluke bwino.

Atafika pageti anamva mapazi kumbuyo. Anali Nambalawani, wefuwefu, kabuku katsopano m'manja.

"Mayi, aka ndi kake. Kake yekha. Kakadyedwanso, muzingobwera chimanjamanja, sitikubwezani."

Mafunso, amene ankaperekeza mayiyo, anasuzumira patsamba loyamba. Dzina, miyezi khumi, makilo 8.

"Wakopera pati?" anafunsa, nkhope ili gwa.

Nambalawani sanamuyang'ane.

"Ndamukweza ndekha pasikelo. Kawiri."

Mayi anapisa kabukuko m'nsalu yoberekera, n'kulowa mumsewu.