Jekete la Comfort

Lachinayi madzulo Yakobo anatsika takisi kunja kwa Joni, kumene nyumba zimathera, n'kulowa pa geti la kabwalo ka ndege zing'onozing'ono. Anavala jekete la ulonda lolembedwa dzina la Comfort pachifuwa. Comfort anali msuweni wake, mwini ntchitoyo, munthu wa mapepala. Yakobo analibe ngakhale kapepala kamodzi. Ndiye Comfort akapeza ganyu kwina, Yakobo ankamugwirira usiku mabwana osadziwa. Kwa mabwana, mlonda ndi jekete basi.

Kumwamba kunali kutada kale, ndipo mtima wa Yakobo sunali m'malo.

Masabata atatu m'mbuyomo, usiku wa matalala ndi nkhungu, magetsi anathima pamene kandege kena kankabwera kudzatera. Zikatero mlonda amayenera kuliza jenereta kuti nyale za m'mbali mwa msewu wa ndege ziyake. Comfort anali atamuonetsa kamodzi, mothamanga, ndipo Yakobo, munthu wamanyazi kufunsa kawiri, anangoti wamva. Jenereta analiza ndithu, koma kachitsulo kotembenuzira magetsi ku nyalezo sanakadziwe. Kandegeko kanazungulira katatu mumdima, kenako kanakamenya mtunda kuseri kwa mpanda. Woyendetsa wake, Njabulo, bambo wochezeka amene ankakonda kusiyira Comfort buledi, anafera pomwepo. Comfort anathamangirako kusanache, n'kuvala jekete lake, n'kuuza ofufuza kuti pantchito anali iyeyo. Anamuikira kumbuyo m'bale wake, mlandu n'kugwera nyengo.

Lachinayilo mvula inayamba cha m'ma naini, ndipo posakhalitsa magetsi anathima. Yakobo anathamangira ku jenereta, n'kutembenuza kachitsulo kaja, nyale zonse ngwee. Tsopano ankadziwa bwino, munthu atafa kale.

Atangobwerera m'kanyumba ka alonda anamva injini kumwamba. Anayang'ana m'buku. Panalibe ndege yoyembekezeka usiku umenewo. Injiniyo inazungulira kamodzi. Kawiri. Kachitatu inatsika kwambiri mpaka malata ananjenjemera, kenako zii.

Anayesa kuimbira Comfort, foni osagwira. Kukhala pansi kunakanika. Kuimirira kunakanikanso. Anasuzumira pazenera.

Pakati pa msewu wa ndege pankabwera munthu, kuchokera kumpanda. Ankayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo umodzi. Nyale iliyonse imene ankaidutsa inkazima. Malaya ake oyera anali atamatirira pathupi. Asanafike n'komwe, m'kanyumbamo munadzaza fungo la mafuta a ndege.

Sanagogode. Anangoima pazenera, maso ali pa dzina la pachifuwa pa Yakobo.

"Comfort, mfowethu, m'bale wanga," anatero chapansipansi. "Ndinakupempha nyale."

Anapitiriza m'Chizulu, mosakwiya konse, ndipo kufatsako n'kumene kunkaopsa. Anati ali kumwambako ankaona katochi kakuthamangathamanga pansi, ndipo ankadziuza kuti Comfort sangamusiye mumdima. Anati wabwera kudzamutenga kuti akamuunikire njira.

Chilungamo chinali pakamwa pa Yakobo, mawu awiri okha: ndinali ine. Koma mantha alibe chibale. Anavula jeketelo n'kuliponya pansi ngati likutentha.

"Sindine Comfort ine, baba. Comfort ali ku Bertrams, kachipinda kakuseri kwa shopu ya Msomali, geti lobiriwira."

Mawuwo anangotuluka okha, mpaka ndi nambala ya nyumba yomwe. Munthuyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu monga amachitira mlendo amene walozeredwa njira, n'kutembenukira ku geti, akukoka mwendo uja. Nyale zinayakanso imodziimodzi.

Yakobo anachezera pakona atadzikumbatira, akudziuza kuti ndi tulo, kuti munthu wakufa sangayende ulendo wonsewo mpaka ku Bertrams. Anadziuzanso kuti kukacha aimbira Comfort n'kumufotokozera zonse.

Kutacha foni inalira yokha. Anali Elina, mkazi wa Comfort. Anati cha m'ma fili usiku wina anaitana Comfort ndi dzina panja, ndipo Comfort anadzuka osafunsa kuti ndani, n'kutenga tochi, n'kutuluka opanda nsapato. Anthu opita kuntchito amupeza atagwada pakati pa msewu, atanyowa, tochi ataloza kumwamba. Sakulankhula, sakuzindikira munthu, ndipo amuna atatu alephera kumutsitsa mkono. Aneba ayamba kale kunong'onezana kuti wakufa samubisira, amamudziwa amene anamulakwira.

Yakobo anamva chisoni ndi manyazi. Anatsegula pakamwa, koma Elina anali asanamalize.

"Alamu, chandizunguza mutu n'chimodzi. Tasamukira muno Lamlungu lomweli, ndipo amene akuidziwa nyumbayi ndinu nokha. Munthuyo wafika bwanji?"