Makutu ndi Mfuko ya Kamkanda

Panali mtsikana wina, onse ankangomutcha Makutu. Makutu ankafuna kudziwa kumene mfuko imapita. Mfuko ndi kanyama kokhala pansi pa nthaka. Imakumba, imakumba, koma sioneka.

Amayi ake ankagwira ntchito yofufuza za nyama. Tsiku lina anagwira mfuko kuseri kwa nyumba. Anaiveka kamkanda m'khosi. Kenako anaibwezera kuuna. Inu ana, musayerekeze! Mfuko imaluma.

Amayi anali ndi kawailesi kamlongoti. Kakayandikira kamkanda kaja, kankalira. Pi! Pi! Pi!

"Pamene kalira, uzizika kamtengo," anatero amayi. "Tidziwe njira yake."

M'mawa uliwonse Makutu ankamvetsera. Pi! Ankazika kamtengo. Timitengo tinadutsa pa mpopi. Tinadutsa pa chingwe choyanikapo zovala. Tinalowa m'dimba la amalume.

Ha, ana inu! Chimene mwaika poyera, aliyense amachiona.

Amalume anaona makaroti awo atafota. Anaonanso timitengo. Anatsata kamtengo, kamtengo, khasu lili paphewa.

Makutu atabwera kusukulu, anapeza chidzenje m'dimba.

"Zikomo, bwana wofufuza," anaseka amalume. "Wandilozera wakuba."

"Amalume, mwaipha?"

"Kaya. Ndakumba mpaka msana kuwawa. Mwina dothi laikwirira."

Makutu anayatsa kawailesi. Pi! Kanalira pa chidzenje. Lolemba, pomwepo. Lachiwiri, pomwepo. Lachitatu, pomwepo. Mfuko yamoyo sikhala malo amodzi.

Makutu anazula timitengo tonse. Anatithyola, natitaya. Chakudya chinamukanika.

"Ndaipha ndine, amayi," anatero.

Lachinayi amayi anatenga kafosholo. Anafukula pang'onopang'ono. Anapeza kamkanda kokha, koduka ndi khasu.

"Nanga mfuko ili kuti?" anafunsa Makutu.

"Taona uko," ananong'ona amayi.

Kunja kwa mpanda kunali kamulu ka dothi. Dothilo linali latsopano, lonyowa. Mfuko inali moyo!

"Ndiye sitidzaimvanso?"

"Sitidzaimvanso, mwanangu. Ntchito yanga ya mwezi wonse yapita padera."

Makutu anapukuta misozi. "Amalumenso sadzaipeza."

Amayi anamukumbatira. "Khala chete, amalume ako akubwera. Usayang'ane uko."

Amalume anafika ndi khasu lawo. "Mukuona chiyani awirinu?"

"Mitambo, amalume," anatero Makutu.

Amalume anayang'ana kumwamba. Anayang'ana, anayang'ana. Kenako anapukusa mutu, nkumapita.