Waya wa Pamsewu wa Chidzolomondo

Izi sindinachite kuuzidwa. Ndinali pomwepo, ine Lurdes, ndipo Catarina, yemwe anali namwino ku Furancungo, akadali moyo. Mukamufunse.

Mchimwene wanga Policarpo anali wokonza matelefoni nkhondo isanagwetse mitengo ya mawaya. Mu 1987 mkazi wake Albertina anapita ku Chidzolomondo kukasuma chimanga, osabwerako. Anthu ankati amuna amfuti anamugwira pamsewu pamodzi ndi ena kuti akawasenzere katundu. Patatha miyezi isanu, amalume anati tiike thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, monga timachitira munthu akafera kosadziwika. Policarpo anakana. Anali nkhutukumve chibadwire, ndipo ine ndinkamukwiyira kwinaku ndikumumvera chisoni.

"Ali ku Malawi, kumisasa ya othawa nkhondo," ankatero. "Kalata satha kuwerenga. Ndimutumizira bokosi la mawu anga."

Anaphwasula matelefoni awiri akale a nthawi ya Apwitikizi. Anachotsa cholankhulira ndi chomvera, kakoyilo ka maginito, ndi chopukusira chija ankaimbira nacho. Anati waya wachitsulo ukamadutsa pa kakoyilo munthu akulankhula, mawu amatsalira mu waya. Chinkasowa chinali waya woonda. Anakaupeza utakulungidwa pamtengo, m'mbali mwa msewu womwe anthu aja anagwidwira.

"Achimwene, chinthu chotola pamalo otere sachilowetsa m'nyumba chisanatsukidwe ndi mankhwala," ndinamuuza.

"Ndi chitsulo ichi, mana Lurdes, mlongo wanga. Chitsulo sichidziwa maliro."

Tsiku loyesa linali Lamulungu masana, kunja kuli chifunga. Analankhula akupukusa: "Albertina, ndine. Ndili kwathu. Bwera." Anabweza waya, n'kuika chomvera pakati pathu atatu: iye, ine ndi Catarina.

Mawu ake anamveka, aang'ono ngati a udzudzu. Tinaseka. Koma atatha mawu ake, waya sunakhale chete.

Mapazi. Ambiri, opanda nsapato, pa miyala. Wina akutsokomola. M'nyumba munayamba kununkha thukuta ndi matumba onyowa. Nkhuku panja zinasiya kupalasa.

Kenako mawu a mkazi, apafupi, opuma movutika.

"Abambo, nditulenitu. Khosi latha."

Catarina anandigwira dzanja. "Ndi Albertina," ananong'ona.

Policarpo anapukusabe. Anabweza, anamvera, anabwezanso, mpaka dzuwa linapendeka. Mawu anali omwewo. Kwa sabata yathunthu sanalole kuti tikambe za nthochi, chifukwa mu waya ndi momwe munatsala mkazi wake. Ndinamuuza mosabisa kuti tsopano iyenso akumusenzetsa katundu Albertina. M'mawa mwake anatenga chikwanje.

Tinaika thunthulo titalikulunga m'chitenje cha Albertina, tinameta. Pobwera kumanda Policarpo anapita molunjika pa bokosi lija. Mawu a mkazi wake munalibemo. Analira monga sanalirire kumanda.

Koma mapazi aja analipobe. Ndipo tsopano ankalankhula ena, amuna, akazi, nkhalamba ina yosasa mawu.

"Nafenso."

"Nafenso, abambo."

Policarpo analumikiza cholankhulira, n'kufunsa maina awo ndi midzi yawo. Mawu aja sanayankhe. Catarina anafunsa odwala onse obwera kuchipatala, koma nthawi imeneyo banja lililonse linali ndi wake wosowa, ndipo palibe ankafuna kukhala woyamba kudula nthochi.

Tinathawira ku Dedza chaka chotsatira. Bokosi tinalisiya pa tebulo, anthu aja asanatulidwe.