Kuchotsa a Malizani M'tiyi

Chodabwitsa choyamba chinali fungo. Situdiyo ya zithunzi ya Zulaika pa Luchenza inkanunkha inki ndi fumbi la maminibasi chaka chonse, koma madzulo a Lolemba limenelo munadzaza fungo la masamba a tiyi ongothyola kumene. Anafunafuna m'makona monse, osapeza kanthu, ndipo womufunsa panalibe. Mwamuna wake Hamdan anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, foni inaleka kulira m'chaka chachitatu, ndipo Zulaika ankagona yekha m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyoyo.

M'mawa wa tsikulo kunabwera mayi Marita a kwa Chimaliro, othyola tiyi pa esiteti ina, atakulunga chithunzi m'kansalu. Chinali chithunzi chokhacho cha malemu amuna awo, a Malizani, ataima pakati pa tiyi, ovolo ya kuntchito m'thupi, dengu kumsana, akuyang'ana wojambula. Loweruka likubweralo abale ankadzavundukula chiliza chawo, ndiye mayiwo ankafuna chithunzi chachikulu chokaika pamenepo. Anati bambowo anathyola tiyi zaka makumi atatu n'kufera momwemo. Anawapeza patatha masiku atatu atagwa pakati pa mizere, nkhungu ya chiperoni itakuta munda wonse.

“Tiyiyo mumuchotsemo yense, mwanangu,” anatero mayi Marita. “Lisatsale ndi tsamba limodzi lomwe. Akapume kopanda kapitawo.”

Kwa Zulaika imeneyo inali ntchito yamasewera. Ukadina pa tsamba limodzi, kompyuta imafunafuna paliponse pali kubiriwira kofanana nako, n'kupazungulira ndi timizere toyendayenda ngati nyerere. Kenako umaikapo chophimba, zobiriwira zonse n'kubisika. Anadina. Tiyi anapitadi, koma anatenga ndi ovolo yomwe, poti nayonso inali yobiriwira, ndipo pa sikirini panangotsala mutu ndi mikono zili lendelende. Anadziseka yekha, nachepetsa muyeso kuti kompyuta isasokoneze nsalu ndi tsamba. Magetsi anathima asanamalize.

Lachiwiri chiperoni chinatsika ndithu, moti pofika folo koloko kunja kunali ngati kwada. Mabelu a akabaza analeka, pa siteji panali zii, kumangomveka madzi akudontha kuchokera pa malata. Zulaika anadina tsamba lomwe lija, muyeso womwe uja. Timizere tija tinadutsa ovolo n'kutsika ndi mikono mpaka ku zala. Anadziuza kuti kuwala kochokera pa masamba kumasiya kubiriwira pang'ono pa khungu la munthu, zimachitika. Koma dzulo lake mikono yomweyo inatsala bwinobwino, ndipo palibe anakhudza kompyutayo.

Lachitatu timizere tinatenga khosi ndi chibwano. Anatsegula dilowa, natulutsa chithunzi chapepala chija, n'kupeza khosi la a Malizani labiriwira ngati ndere za pa khoma la bafa. Fungo lija linali litakula, ndipo anachita mantha osati masewera.

A Dixon, telala wa pa khonde loyandikana, anamunong'oneza tsiku lomwelo kuti ku esiteti anthu akulankhula. Ankati kumene anagwera a Malizani, othyola akafika m'mawa amapeza mizere yathyoledwa kale, ndipo kukachita nkhungu kumamveka thyo, thyo, munthu osaoneka. Ena ankati ndi akuba masamba basi. A Dixon, amene nkhani iliyonse amaithira mchere, ulendo uno sanaseke.

Lachinayi Zulaika anaimbira mayi Marita kuti abwere. Kunja kwa timizere kunali kutangotsala maso ndi mphumi.

“Mayi, kompyuta sikuwasiyanitsanso ndi tiyi,” ananong'ona. Anafotokoza kuti njira ina ilipo, yolemba ndi dzanja malire a munthuyo pang'onopang'ono, koma iye sakuonanso pamene munthu akuthera ndi pamene tchire likuyambira.

Mayi Marita anakoka mpando. “Ine ndikupadziwa pothera pawo.”

Anagwira ntchitoyo mpaka kumzikiti kutaitana swala ya madzulo. Mayiwo ankaloza pa sikirini ndi chala chong'aluka ndi ntchito, Zulaika n'kumatsatira ndi mausi. Apa phewa lamanzere, lotsika chifukwa cha dengu. Apa khutu lotuluka lija. Chala ichi chifupikitseni, chinadulidwa ndi chikwanje ali mnyamata. Zulaika anayesa mumtima kulemba malire a Hamdan chimodzimodzi, n'kupeza kuti phewa lake waliiwala. Zinamupweteka kwambiri.

Atatha, Zulaika anabwezeretsa mtundu wa khungu, napaka ovolo mtundu wa buluu, kumbuyo n'kuikako nsalu yoyera. Lachisanu masana mayi Marita anabwera kudzatenga chithunzicho, chitasindikizidwa ndi kuikidwa mu felemu. Analiyang'ana felemulo nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu.

“Mwawachotsadi, eti?”

“Ndawachotsa, mayi.”

Anakwera kabaza atalikumbatira pachifuwa, nalowa m'nkhungu. Zulaika anatsala pakhomo mawu ake akumuluma, chifukwa ankadziwa chimene mayiwo sankadziwa. Chophimba sichifufuta kanthu, chimangobisa. Pansi pa nsalu yoyera ija tiyi yense anali momwemo.

Dzuwa litalowa anatseka chitseko, nakhala pa kompyuta kuti amufufutiretu tiyiyo, bodza lake lisanduke zoona lisanafike Loweruka. Anachotsa chophimba. Munda unadzaza sikirini yonse, wobiriwira kuyambira pansi mpaka kumwamba, ndipo pamene panaima a Malizani panalibe munthu, panali tiyi yekhayekha. Anakulitsa chithunzicho, nayenda nacho mzere ndi mzere. Kutali, pafupi ndi mitengo ya bulugama, anaona munthu atawerama, atamufulatira, dengu lili theka, phewa lamanzere lili lotsika.

Anadina pa tsamba kuti afufute. Timizere tinazungulira munda wonse pamodzi ndi munthuyo, osasiya ndi kadontho komwe. Kufufuta tiyi kunali kufufuta a Malizani, ndipo chala chinamukanika.

Ndi pamene anamva kumbuyo kwake, chapafupi ndi kachipinda kogona kaja, thyo, thyo, pang'onopang'ono, monga amathyolera munthu wotopa. Zaka zonsezi ankalakalaka kumva munthu wina m'nyumbamo, koma osati chonchi ayi. Sanacheuke. Anabwezera chophimba chija, ndipo a Malizani anabwerera pa nsalu yawo yoyera, aukhondo, akumuyang'ana. Kuthyolako sikunaleke.