Zitini za Wometa

Mkazi wa kalipentala ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba dzuwa likulowa, pamene anamva mwamuna wake akubwera akuimba mluzu. Mbale inam'pulumuka m'manja. Zaka makumi awiri ali pabanja, bamboyu mluzu sankautha, ankangouluza malovu. Ndipo nyimboyo mudzi wonse unkaidziwa: inali ya wokonza njinga, amene anaikidwa m'manda Lachiwiri lapitalo.

"Bambo a ana, mluzu umenewo mwautola kuti?"

"Mluzu uti?" anatero bamboyo, akusisita mutu wometa kumene. Ankanunkha ngati nthenga zowauka.

Sabata yotsatira anayamba kutsimphina ngati mlonda wa pasukulu, mlondayo n'kufa atakhala pampando, osadwala ngakhale chimfine. Kenako bamboyo anayamba kudya ndi dzanja lamanzere. Kenako kupemphera, munthu woti kutchalitchi ankangopitako kukapachika zitseko. Zakezake nazo zinkachoka. Kuseka kwake kuja, kokhala ngati bulu watsamwa, mayiyu anakumva pamsika kukutuluka m'kamwa mwa wogulitsa nyama. Mtima unamuwira.

Atakadandaula kwa apongozi ake, iwo akuti, "Chipsera cha sowo chilipo pachala, ndiye mwana wanga ameneyu."

"Amayi, ine sindinakwatiwe ndi chipsera."

Mukudziwa inu, pamjigo sipabisika kanthu. Amayi a pamjigopo atawerenga omwalira ndi osinthika, anapeza kuti onse anakhalapo pampando umodzi, wa wometa wa pafupi ndi chigayo, amene tsitsi la anthu sankalitaya koma kulisesa mosamala ngati shuga wotayika.

Mayiyu anapitako dzuwa lili paliwombo, hamala ya mwamuna wake ili m'manja. Anaswa loko ya kabati ya wometayo. M'menemo munali zitini zodzaza tsitsi, ndipo zinkanong'ona. China chinkatsokomola. China chinkalira chapansipansi.

"Mfiti iwe, ndibwezere mwamuna wanga."

Wometa anapitiriza kupukuta lumo. "Uti? Kuseka anatengera bambo ake. Ukali, bwana amene anam'phunzitsa ntchito. Kayendedwe, amalume ake. Chakechake n'chiyani?"

"Iyeyo mwini wake, galu iwe."

"Mwini wakeyo ndi amene ndikumufunafuna, mayi. Ndimasenda chimodzichimodzi ngati anyezi. Wa njinga ndinamusenda yense, mlonda yense. Pakati palibe munthu."

"Palibe munthu? Ana anayi aja ndabereka ndi mphepo?"

Hamala inaphonya mutu n'kuphwanya galasi. Anthu pothamangira anapeza lumo lili pansi, wometa kulibe. Khomo linali limodzi, mayiyu ataimapo, ndipo kazenera kakumbuyo ngakhale mphaka sangadutse.

Mayiyu anakokolola zitini zonse m'thumba n'kukazikhutula pamaso pa mwamuna wake. Panalibe cholembedwa dzina ngakhale chimodzi.

"Sankhani zanu, mubwerere mwakale."

Bamboyo ankatsegula, kununkhiza, kutseka, ngati akusankha tomato. Atatsegula chachisanu, munatuluka mawu okalipa, akutukwana, akufunsa chifukwa chake madzi osamba ndi ozizira. Mayiyu anabwerera m'mbuyo. Mawu amenewo ankawadziwa bwino. Ankawadziwa ndi tsaya lake lomwe.

"Ichi chikuoneka kuti chikukudziwani," anatero bamboyo, akumuyang'ana ndi maso ofatsa a malemu mlonda. "Ine sindikumukumbuka munthu mukumufunayo, mayi. Inu ndi amene mukum'dziwa. Ndimeze?"

Mayiyu anayang'ana chitini, n'kuyang'ana munthu amene m'mawa womwewo anasesa bwalo ndi kum'tungira madzi osauzidwa. Anali atathyola kabati, ataswa galasi, atayankha apongozi mwamwano, zonse chifukwa cha mawu ali m'chitinimo. Mkwiyo unam'gwira, osadziwa kuti akwiyire ndani.

Analanda chitinicho n'kukhomera chivindikiro ndi hamala.

"Si chanu ichi," anatero.

Oyandikana nawo amati chili pansi pa bedi mpaka lero. Ukamadutsa madzulo umamva chikuitana mkazi wake, mayiyo n'kuchimenya chidendene, akuti, "Khala chete, mwini nyumba akupuma."