Mikanda m'Chitini cha Mipira

Tsiku limene Trywell Mbewe anakwatira Juliana, anthu a pa boma la Chadiza anati mnyamatayo watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Iye anali kalaliki wa kukhonsolo. Juliana anali mwana wa anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzamanga kwa Mlolo, ndipo anali ndi luso limene deralo linali lisanaone mwa mkazi. Ankamenya mpira wa tenisi.

Anaphunzirira pabwalo la dothi la chulu limene wansembe wina analambula kuseri kwa sukulu, mizere yake yolemba ndi phulusa. Pofika 1994 anali atagonjetsa akazi onse a ku Chipata. Trywell ankamukweza panjinga popita kubwalo, n'kumakuwa ali kumbali, "Ameneyo ndi wanga!" Anamuguliranso mikanda ya m'chiuno, yofiira, yoyera ndi yakuda, ija saiona wina koma mwini banja.

Kenako kalabu ina ya ku Lusaka inamuitana kuti akapikisane m'mwezi wa Ogasiti. Akakapambana, tenisi ikhala ntchito yake ya moyo wonse. Vuto linali lakuti mu Chadiza monse, wotha kubweza mpira wa Juliana anali mmodzi yekha, mphunzitsi wina dzina lake Simeoni Zulu. Awiriwa anayamba kukonzekera limodzi madzulo alionse.

Koma pakamwa pa anthu, abale! Pamsika anayamba kunong'ona kuti mkazi wa mwini akuthamangitsana ndi mwamuna wa mwini, miyendo ili pamtunda. Anzake a Trywell ankamuseka kuti iye ndi wopalasa njinga chabe. Munthu amene ankanyadira uja anayamba kuwerama, ndipo nsanje inamera mumtima mwake ngati kaufiti m'munda wa chimanga.

"Kubwalo kuja usapitenso," anatero tsiku lina.

"Bambo, Ogasiti wayandikira. Ndikonzekera ndi yani?"

"Konzekera ndi khoma! Kapena pali china chimene aZulu amakupatsa?"

"Mukundinyoza, aMbewe. Inu nomwe munkaombera m'manja, lero mpira womwewo wasanduka uhule?"

"Ndanena, ndanena!"

Apa Juliana naye analakwa. M'malo moitana ankhoswe kuti nkhaniyo ikambidwe poyera, anayamba kunama kuti akukaona amayi ake kwa Mlolo, pamene akukhotera kubwalo. Mtima wake unali woyera, koma munthu woyenda mozemba amaoneka wakuba ngakhale m'manja mwake mulibe kanthu.

Panali kachizolowezi kamene Juliana sanauzepo aliyense. Ulusi wa mikanda unkamucheka m'chiuno akatuluka thukuta, choncho asanasewere ankalowa m'kachimbudzi ka sukulu, n'kuivula, n'kuiika m'chitini chake chosungiramo mipira chimene chinali chopanda kanthu. Zitini za mipira zimafanana. Tsiku lina mvula yosayembekezeka inawabalalitsa, ndipo aliyense anatola chitini cha mnzake.

Amene anatsegula chitinicho kunyumba kwa Simeoni anali Rhoda, mkazi wake, pofuna poikamo mchere. Sanamufunse mwamuna wake. M'mawa mwake analunjika kukhonsolo n'kukhuthula mikanda ija patebulo la Trywell, anzake akuona.

"AMbewe, iyi mukuidziwa? Ndaipeza m'katundu wa amuna anga."

Trywell anaidziwa. Pogula paja anaisankha yekha, mtundu ndi mtundu. Anatuluka, nadzera kunyumba, natenga mpini wa khasu.

Akanangofunsa! Funso limodzi lokha likanapulumutsa mabanja awiri. Koma munthu wansanje amaopa kufunsa, chifukwa yankho lingamulande mkwiyo wake.

Anawapeza pabwalo dzuwa litapendeka. Juliana anali atagwira chitini cha Simeoni, nkhope ili yodandaula, akufunsa kumene kunali chake.

"Ukufuna iyi?" anakuwa Trywell, akuponya mikanda padothi. "Kwa Mlolo ndi kuno? Iwe Zulu, unamuvula ndi manja ati?"

"AMbewe, dikirani, ine sindikudziwa n'komwe..."

"Bambo, ndimvereni! Ndinavula ndekha!"

Trywell sanamve kalikonse. Anakweza mpini kulunjika pamutu pa Simeoni. Juliana, amene miyendo yake inazolowera kufika pamene mpira ukugwera, anafika pakati pawo n'kutchinga ndi dzanja lamanja. Fupa linalira. Mpini unatsikanso kachiwiri pa dzanja lomwelo Trywell asanazindikire kuti akumenya ndani.

Kuchipatala ku Chipata madokotala anayesetsa, koma dzanjalo linauma, zala zitapindikira mkati. Ogasiti anafika n'kudutsa, ndipo ku Lusaka kunasewera ena.

M'khoti, Juliana anafotokoza za ulusi wocheka m'chiuno ndi za zitini zofanana, pamaso pa amuna ambirimbiri, zinthu zimene mkazi sayenera kutchula pagulu. Rhoda analira mokweza mpaka anamutulutsa. Trywell anavomera mlandu wovulaza munthu koopsa, ndipo woweruza anamulamula kukhala m'ndende zaka zisanu akugwira ntchito yakalavulagaga.

Zaka zisanuzo sizinamuwawe ngati mmene unkamuwawira mtima. Akamaswa nkhuni za kundende, kulira kwa chikuni kunkamukumbutsa fupa lija, ndipo ankaponya nkhwangwa pansi n'kubisa nkhope. Sakanatha kuloza chala Rhoda kapena anthu a pamsika. Mpini anaunyamula yekha.

Juliana anabwera kudzamuona kamodzi kokha. Dzanja lamanja analifunditsa chitenje.

"Pepani, amayi," anatero Trywell, misozi ikutsika. "Pepani. Ndinali chilombo."

"Ndamva," anayankha Juliana motsitsa mawu. "Chimene munkaopa kuti chabedwa chinali chanu, aMbewe, ndipo panalibe anachikhudza. Chimene munathyola ndicho chinali changa."

Anatembenuka kuti azipita. Trywell, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja lamanja kuti atsanzikane. Juliana analiyang'ana, nayang'ana chitenje chake, ndipo Trywell anabweza dzanjalo pang'onopang'ono.

Inu amene muli pabanja, mukamva mphekesera, khalani pansi mufunse mkwiyo usanakunyamulitseni mpini. Trywell anapepesa ndi mtima wake wonse, koma pepani sapoletsa chilonda. Kubwalo kuja kunamera udzu, ndipo Juliana anabwerera kwa Mlolo, kumene anaphunzira kupalira ndi dzanja limodzi.