Nambala Seveni Yatentha

Zinayamba Lachiwiri. Pa kompyuta ya mu ofesi ya mkulu wa chipatala, mzere wa nambala seveni unakwera kuchoka pa madigiri anayi kufika pa 37, n'kukhala pomwepo kuyambira 11 koloko usiku mpaka m'bandakucha. Nambala seveni inali firiji ya ku mochale. Anamwino sanachedwe kunong'onezana kuti 37 ndiko kutentha kwa thupi la munthu wamoyo.

Amene analumikiza zonsezi anali mtsikana wina yemwe pachipatalapo ankangomutchula kuti Mawaya. Anaika timakina toyeza kuzizira m'mafiriji onse, kalikonse ndi kawailesi kotumiza zoyezedwazo ku mlongoti wa padenga. Kawailesi kalikonse anakapatsa nambala yakeyake kuti kompyuta izidziwa amene akulankhula. Tsoka ilo, wosunga mochale anali malume ake enieni, amene anamulera.

"Mdala uja amazimitsa firiji usiku," anatero mkulu wa chipatala. "Makina sanama. Likafika Lolemba zili chonchi, atule makiyi."

Lachitatu Mawaya anasintha kachoyezera ka m'firijimo. Kutacha, 37 yemweyo. Lachinayi anakwera padenga dzuwa likuswa mtengo, anatembenuza mlongoti, anasintha chingwe, anasupuka bondo. Kutacha, 37! Mutu unamuwira mwana wa eni. Mphekesera nazo zinali zitamera miyendo: alonda ankati amamva munthu akutsokomola mkatimo, okolopa ankati muli wina amene anamulowetsa asanatsirizike.

Lachisanu Mawaya anakachezera ku mochaleko ndi malume ake. Babu la m'khonde linali lopsa, mdima unali wa ndiweyani. M'chipindamo munkangomveka kung'ung'uza kwa firiji ndi mpopi wodontha, tho, tho, m'beseni lachitsulo. Mdalayo anatsegula chitseko cha firiji, naika choyezera chapamanja. Madigiri anayi. Koma itangokwana 11, laputopu ya pamiyendo pa Mawaya inalira kamodzi. Seveni, 37.

"Asa! Zopusa basi!" Mawaya anadzambatuka, nazula kawailesi pakhoma, nachotsa batire, nakafumbata m'manja. Onse awiri anayang'ana pa laputopu. Mpopi unadontha kasanu. Laputopu inaliranso. Seveni, 37.

"Mwanawe," ananong'ona mdalayo, "wazula?"

"Ndazula, malume. Si aka kali m'manja mwangamu?"

"Nanga akulankhulayo ndani?"

Mawaya anaona malume ake akuyang'ana zitseko za firiji chimodzichimodzi. Kenako malumewo anavala jekete lawo pang'onopang'ono, natuluka chambuyo osatembenuka.

Loweruka lonse Mawaya anayendera kawailesi kalikonse ndi mkwiyo, kutsegula, kuwerenga, kutseka. Chakumadzulo anafika ku labu. Pakona panali bokosi lofunditsira magazi oyezedwa, limene a shifiti ya usiku amaliyatsa akafika n'kulizimitsa poweruka. Kawailesi ka pabokosipo anakaika yekha Lolemba lapitalo, ali pa changu. M'malo mokakonza kuyambira pachiyambi, anangokopera zonse za ka ku mochale, n'kuiwala kusintha nambala. Timawailesi tiwiri, tonse seveni. Ka ku labu kanali pafupi ndi mlongoti, ndiye kakangoyaka pamodzi ndi bokosilo kankakwirira mawu a kanzake. Mawaya anangoti khu pampando, manyazi atamugwira mpaka m'mafupa.

Lolemba analawirira kwa mkulu wa chipatala nakaulula zonse. Mkuluyo anangomulozera patebulo. Makiyi a ku mochale anali pomwepo, pa chingwe chawo chakuda ndi thukuta.

Anawapeza malume ake kunyumba atakhala pakhonde, akusoka nsapato.

"Malume, kulibe mzukwa! Ndinalakwitsa ndine. Abwana akuti mubwerere lero lomwe."

Mdalayo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndamva, mwanawe, ndipo ndikukhulupirira. Koma dzulo ndinapitako. Ndinaima pakhomo paja, kiyi ali m'manja, dzanja linakana." Analuma ulusi nauduladula. "Zaka makumi atatu ndawasambitsa anthu aja, ndawaveka, nthawi zina ndimadya kumene pambali pawo. Sindinawaopepo ngakhale tsiku limodzi. Tsopano ndikangomva firiji ikulira, ndimatchera khutu."

"Malume, chonde..."

"Nambala yakoyo wakonza, zikomo. Nanga khutu langali ulikonza bwanji?"